Kudula Chisanu M'mawondo

Kuno ku Tromsø dzuwa laiwala kulowa.
Leveni koloko usiku, pawindo pali mbee,
ndipo ine, womanga zingwe za pantoni padoko,
ndili patebulo ndi sizasi yobwereka
kwa Ragnhild wa chipinda chapamwamba.

Mulu wa zovala wagona pampando:
mathalauzi aubweya mkati, majuzi, masokosi ofika m'ntchafu,
zonse zikununkhabe Januwale.
Loweruka ana akwera ndege kupita kwa amayi awo ku Oslo,
kumene akuti phula likutentha mapazi.
Malipiro anga anathera ku matikiti.

Ndayamba ndi thalauzi la Sindre.
Mawondo ake anadyedwa kale
ndi madzi oundana akuseri kwa sukulu,
komwe ankatsetsereka chogwada, ine ndikukalipa.
Kheche! mwendo wagwa pansi.
Kheche! unzake wautsatira.
Kabudula wabadwa, wopendekeka,
kumanzere kwatalika ndi chala chimodzi.
Zilibe kanthu. Mwana wosakhazikika ngati uyu
ndani adzamugwire kuti amuyeze?

M'thumba mwake ndapeza miyezi yamdima itabisala:
tikiti ya basi yofufuma,
mwala wosalala,
dzino lija tinalifunafuna sabata yathunthu,
ndi golovesi yofiira, yamasiye,
imene inzake inapita ndi mphepo padoko.
Ndaiboola, ndaipisa chingwe.
Ikhala kathumba ka ndalama za aisikilimu.

Malaya ochindikala a Tordis ndawadula manja.
Kupinda m'mphepete ndiye nkhondo.
Zala zanga zinazolowera chingwe chonenepa ngati mkono,
lero kaulusi kakundizemba pa diso la singano,
ndanyambita, ndaphonya, ndanyambitanso.
Magazi kadontho pa kolala.
Ndasokapo batani kuti pasaoneke.

Ndikufuna Oddny akatsegula chikwama
asapukuse mutu.
Basi, ndi zokhazo.

Yatsala juzi yachikasu,
ija analuka Oddny chaka chomaliza tili nyumba imodzi,
usiku uliwonse mizere iwiri, osayankhulana.
Yafupika. Zigongono zapyapyala ngati ukonde.
Ndikaidula m'mapewa ikhoza kutumikirabe
madzulo amphepo m'mbali mwa nyanja.
Ndatsegula sizasi.

"Ababa, ayi."

Tordis waima pakhomo wopanda nsapato,
tsitsi lili nyankhalala, diso limodzi likadali m'tulo.
Ndati, "Yakuchepera, taona."
Waivala pamwamba pa zogonera,
watambasula manja kutsogolo.
Ubweya wathera pakati pa mkono,
kwinako ndi mwana yekhayekha, woyera, wautali,
amene anamera mumdima ine ndili kuntchito.

"Ndikufuna amayi aone pomwe ndafika."

Sizasi ndaiika pansi.
Kunja mbalame zapadoko zikukangana padenga
ngati kuti ndi masana,
mapiri akadali ndi zigamba zoyera m'mapewa,
iwonso sanavule zonse.

Wabwerera kukagona ndi juzi yake.
Ine ndatola zogwa pansi:
miyendo inayi ya mathalauzi, manja awiri a malaya,
zipi yopanda ntchito, ubweya wambirimbiri.
Ragnhild anati zoterezi n'zopukutira mawindo.
Ndazipinda, ndaziika m'bokosi la nsapato,
pamwamba ndalemba kuti Okutobala.
Chisanu sichitaya njira ya kuno.
Chidzabwera ndi mawondo ena ofuna zigamba,
ndi ana awiri akhungu lopsa ndi dzuwa la kwina,
otalikirapo, oyankhula mawu amene sindinawaphunzitse.

Masabata asanu ndi limodzi.
Ndawawerenga pa kalendala ya pafiriji,
kenako ndawawerenganso, mwina ndinalakwitsa.

Koloko yati wani.
Kuwala kwagona pa kabudula wopendekeka uja.
Ndamunyamula, ndamuyang'anitsitsa,
ndatenganso sizasi kuti ndilinganize miyendo,
kenako ndaleka.
Akaone kuti ndinasoka ndine.